Mpando wa kumbuyo kwa dalaivala

Kuntchito kwathu timawatchula kuti a Mphindi Khumi. Atha zaka makumi awiri ndi zinayi akuyendetsa basi yoonetsa alendo mzinda, ndipo paliponse pamene taima amakuwa mawu omwewo: "Mphindi khumi!" Alendo athu ndi aja odikira ndege ina, amene ali ndi maola anayi kapena asanu ongokhala. Timawatenga pabwalo la ndege, kuwazungulitsa, n'kuwabweza thukuta lili kamukamu. Ine ndimagwira maiki, kulongolola za nyumba zakale mpaka kukhosi kuuma.

Njira ndi imodzimodzi, katatu pa tsiku: msika wa nsalu, msewu umene mzikiti, tchalitchi ndi kachisi wa Ahindu zinayang'anizana, doko lakale, kenako paphiri poonera mzinda wonse. Mkuluyu amatha kupereka moni m'zilankhulo zisanu ndi chimodzi, koma ndege sanakwerepo. Ngakhale mumsika muja sanalowemo, chifukwa palibe poimika basi. Amatsitsa anthu n'kumazungulira mpaka nthawi ikwane. Injini amazimitsa paphiri pokha.

Mwana wawo wamkazi anapita kunja kukagwira ntchito ya unamwino zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Anakwatiwa komweko, n'kubereka kamtsikana kamene agogo ake ankangokaona pafoni. Ndiye mwezi watha anaimba kuti akusamukira dziko lina, ndipo ndege idzaima kuno maola asanu. Mkuluyu anapempha tsiku lopuma. Bwana anakana, ati dalaivala mnzawo akudwala. Ine ndinakalowa mu ofesi n'kulalata ndithu, koma zinangokhala ngati ndikuuza khoma. Mwanayo atamva, anangogula matikiti awiri a basi yathu yomweyi.

Tsikulo moni wawo unali wa pakhomo pa basi, kugwirana dzanja anthu akukankha kumbuyo. Mwana wawoyo anakhala pampando wa kumbuyo kwa dalaivala, pansi pa chikwangwani choletsa kulankhula ndi woyendetsa. Kamtsikanako kanali m'tulo tofa nato paphewa pa mayi ake.

"Ababa, ndimudzutse?"

"Ayi, musiye agone. Ukamudzutse paphiri, ndikamunyamule ndi manja awiri."

Ndinawaona akupendeketsa galasi lam'kati, lija loonera okwera, kuti liloze pampandowo.

Pamsika zinayenda bwino. Pakachisi mzibambo wina wa kamera yaitali anasowa, ndinakam'peza kuseri akujambula nkhunda. Nkhunda, abale! Ngati kwawo kulibe. Mphindi makumi awiri zinathera pamenepo. Pochoka kudoko tinapeza lole itafera pamlatho, magalimoto angoti ndii, dzuwa likuswa mtengo. Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi. Mayi wina anayamba kundilozera tikiti yake ya ndege, wina wotchi, aliyense akudandaula m'chilankhulo chake.

Pa basi yathu wosintha njira ndine, osati dalaivala. Ndinawerengera nthawi kawiri, mwina ndalakwitsa. Sindinalakwitse. Tikanakwera phiri, anthu makumi atatu ndege zikanawasiya, ndi mwana wa mkuluyu yemwe. Ndinazimitsa maiki n'kuwaweramira.

"Achikulire, kuphiri sitifika."

Sanandiyang'ane. "Ndaona kale, mwanawe. Auze anthu."

Ndinalengeza, alendo ena mpaka kuwomba m'manja. Tsiku limenelo ndinadana nawo onse, ndinadzidanso ndekha.

Pabwalo la ndege basi imaloledwa kuima mphindi ziwiri zokha, dalaivala osachoka pachiwongolero. Kamtsikana kaja kanadzidzimuka ndi phokoso la zikwama. Kanaona aliyense akuthokoza potsika, nako kanaima pakhomo n'kunena mwaulemu, "Zikomo, adalaivala."

"Iwe, amenewa ndi agogo ako!" anatero mayi ake, misozi ili mbwee.

Mkuluyu anamasula lamba n'kutambasula manja. Kamwana kanathawira kuseri kwa siketi ya mayi ake, poti munthuyo sikamudziwa. Mlonda analiza wezulo, n'kumenya basi m'mbali ndi chikhatho. Kumbuyo kwathu basi ina inali italiza kale hutala.

"Pitani, mungachedwe," anatero mkuluyu, n'kumanganso lamba.

Mpaka lero galasi lija likadali chipendekere. Sabata yatha wotsuka basi analiwongola. Mkuluyu, amene sindinamvepo akukalipira munthu, anam'kalipira koopsa n'kulibwezera pomwe linali. Okwera akumbuyo sawaonanso, ndimawaonera ndine. Iwo amangoona mpando umodzi womwe uja.