Tchimo la Bambo Ruthard

Irmela anali mwana wa mmisiri wokhoma migolo m'mudzi wa Holzbrunn, ku Jeremani. Anakwatiwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo womukwatira anali Ruthard, wansembe wa mudziwo. Panalibe wodabwa, poti bambo ake a Ruthard nawonso anali wansembe wa tchalitchi chomwecho. Pa ukwatiwo anapha nkhumba ziwiri, mudzi wonse unadya mpaka kumasula malamba.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi Irmela anachapa nsalu za paguwa mumtsinje, ngakhale madzi ataundana m'mbali. Ankaumba makandulo ndi phula la njuchi zake, n'kumapalira munda wa tchalitchi mwamuna wake akuloweza Chilatini chimene iye mwini ankachimva mwa apo ndi apo. Mayi aliyense nthawi yake ikakwana, ankaitanitsa Irmela. Iye anabereka ana asanu. Anayi anagona kuseri kwa tchalitchi, n'kutsala mtsikana mmodzi, Oda.

M'chaka cha 1076, anthu akukolola barele, kunabwera nthumwi ya episkopi itakwera hatchi. Inaima pakhomo la tchalitchi n'kuwerenga kalata yakuti wansembe aliyense wokhala ndi mkazi amuchotse, apo ayi achoke paguwa. Womvera Misa ya wansembe wotero, tchimo likhala lake.

"Koma ine ndine wa ukwati, bwana," anatero Irmela ali m'khamulo.

Nthumwiyo sinamuyang'ane n'komwe. "Wansembe sakhala ndi mkazi," inauza anthuwo. "Amene ali m'nyumba mwakeyo ali ndi dzina lina, nonse mukulidziwa."

Panapita masiku atatu. Tsiku lachinayi Ruthard anamupeza Irmela akudula kabichi.

"Mayi a Oda, mwamva nokha."

"Ndamva za episkopi. Ndikudikira kumva za inu, bambo."

"Ndili ndi zaka makumi asanu, pulawo sindinaigwirepo. Akandichotsa paguwa, nyumba ino ndi munda zipita. Tidzadya chiyani?"

"Zimene amadya anthu."

"Musaumitse mutu. N'zakanthawi izi. Maepiskopi amafa, makalata amadyedwa ndi makoswe."

Irmela anatuluka ndi Oda, mphika umodzi, mbuzi ndi atsekwe awiri, n'kukalowa m'kanyumba kosiyidwa ndi abusa a nkhosa m'mphepete mwa nkhalango. Njuchi zinatsala, ati ming'oma inali pa nthaka ya tchalitchi.

Mudzi sunachedwe kuphunzira dzina latsopano lija. Woyamba kulitchula anali Kuniza, mkazi wa mwini chigayo, amene mwana wake wamwamuna anali atatomera Oda.

"Patukani, anzanga, akudutsa hule wa paguwa!" anatero pachitsime.

"Kuniza, mapasa ako ndinawalandira ndi manja awa."

"Mwina n'chifukwa chake amadwaladwala."

Amayi ena anaseka, ena anayang'ana m'mitsuko mwawo. Chitomero chinatha sabata yomweyo, ati mwana wa m'tchire sangalowe m'banja la kuchigayo. Oda anapita kutauni kukatsuka mbale m'nyumba ya alendo. Anatumiza moni kamodzi kudzera mwa wogulitsa mchere, kenako zii.

Kanthawi kaja kanakwana zaka zisanu ndi ziwiri. Lamulungu Irmela ankaima kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, kumvera mwamuna wake akulalikira za Hava ndi njoka. M'kati mwa sabata ankapeza malaya ong'ambika a Ruthard atakolekedwa pampanda wake. Ankawasoka akutukwana, n'kuwabwezera pomwepo.

Ruthard atagwidwa ndi chifuwa choti sadzukanso, panalibe wofuna kumuchotsera zonyansa. Anaitana Irmela, koma ngati wantchito, wolowera khomo lakuseri. Anamusambitsa ndi kumumwetsa msuzi milungu itatu. Kenako kunabwera mmonke wa ku nyumba ya amonke ya kutsidya kudzamva kulapa kwake. Irmela anali kukhitchini, ndipo pakati pawo panali khoma la matabwa basi. Ruthard anali atayamba kugontha, choncho ankayankhula mokuwa.

"Ndinakhala m'chigololo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Mkaziyo anandikola ndili mnyamata. Ndinabereka naye ana asanu a m'tchimo."

"Mukulapa ndi mtima wonse?" anafunsa mmonkeyo.

"Ndi mtima wonse."

Irmela anaphula mphika kuti usapserere, napukuta manja, nalowa.

"Bambo a Oda, anayi aja munawabatiza ndinu, munawaika m'manda ndinu. Mukawapeza kumene mukupitako, mukawauze nokha kuti ndi tchimo. Ine sindingathe."

Ruthard anatembenukira kukhoma.

"Mayi inu, tulukani," anatero mmonkeyo.

Anatuluka osabwereranso. Patapita masiku awiri belu la maliro linalira, iye ali m'nkhalango kutola nkhuni. Anamangitsa mtolo wake n'kupitiriza kutola. Kuyambira pamenepo m'tchalitchi sanapondemonso.

Anakhala zaka zina zisanu ndi zinayi akutsuka ubweya wa nkhosa kunyumba ya mwini malo, manja atang'ambika ngati khungwa. Wansembe watsopano anabwera ndi mayi wina amene ankati ndi mlongo wake womuphikira. Mlongoyo anabereka ana atatu, onse a makutu otambalala ngati a wansembeyo. Mudzi unkamutcha "achemwali a Abambo", ndipo Kuniza ankamupatsira mazira.

Irmela anamwalira m'nyengo ya Lenti. Anzake otsuka ubweya anamupeza patapita masiku awiri, mbuzi ikulira ndi njala pakhomo. Wansembe anakayikakayika za malo omuika, mpaka analoza pakona ya manda, pamene ankatayapo zinyalala za m'munda. Kunkagwa mvula, ndiye pemphero analifupikitsa.