Ndere m'thanki ya a Shawa

A Alfonsi Shawa ndi oyandikana nawo nyumba kuno ku Kapata. Pakati pathu pali mpanda wa udzu wokha, ndipo mpopi timatunga umodzi. Anabadwira ku Madzimoyo m'banja lolima thonje ndi mtedza, koma khasu sanalikonde. Ali mnyamata anayamba kuyenda ndi mathiraki, kenako anakhala dalaivala, ndipo zaka zambiri anazithera pamzere wa pa boda ya Mwami. Kumeneko n'kumene anasiya kukhulupirira anthu. Amanena kuti aliyense amene anawamwetulira pa boda ankafuna dizilo. Mpaka lero ukawapatsa moni, amayamba ayang'ana zimene wanyamula m'manja, kenako n'kuyankha.

Atapuma ntchito anagula thanki yagalasi n'kuikamo nsomba. Si nsomba zodya ayi. Ndi tinsomba tonga chala, tina tofiira, tina ta michira yaitali, ndi kamodzi kakuda kosaoneka bwino kamene kamangokhalira kuyamwa galasi. Akazi awo, mai Getrude, amati m'Kapata monse ndi iwo okha amene amasowa ndiwo nsomba zili pabalaza.

Mdani wa a Shawa ndi ndere, zobiriwira zija zimamera m'madzi osayenda. Anandiuzapo kuti ndere zimakula ndi zinthu ziwiri, kuwala ndi chakudya chotsala. N'chifukwa chake thanki anaiika pakona, makatani a mbali imeneyo n'kumakhala otseka mpaka dzuwa litapendeka. Getsi la pamwamba pake amaliyatsa madzulo okha. Chakudya amatsina ndi zala ziwiri, kamodzi patsiku, n'kuimirira mpaka nsomba zitamaliza. Loweruka lililonse amalowetsa payipi m'thanki, n'kuyamwa ndi pakamwa monga amachitira akuba dizilo, kuchotsa madzi apansi pamodzi ndi zinyalala. Amathiramo ena amene agona m'ndowa, kenako n'kupala galasi ndi lezala. Kwa zaka zingapo madziwo ankaoneka mbee, ngati mulibe kanthu.

Chaka chatha mng'ono wawo, a Gideon, anamwalira ku Madzimoyo. Maliro atatha, achibale anagawana munda, ndipo mkazi wa malemuyo, mai Hellen, anasowa pokhala. Mai Getrude ndi amene anaumirira kuti abwere kuno. Mai Hellen ndi munthu wamtali, wosayankhula kwambiri, wosatha kukhala pansi popanda ntchito. Pakudya ankatenga pang'ono n'kusamba m'manja msanga. Ife amene amuna athu anatisiya timadziwa kuti m'nyumba ya eni ngakhale kutafuna kwako kumamveka.

Pasanapite nthawi galasi la thanki linayamba kubiriwira. Kenako miyala ya pansi inamera ubweya, ndipo madzi anasanduka ngati owiritsira nkhwani. A Shawa anapala, anasintha madzi, koma ndere zinabwerera. Anakayikira mpopi, n'kukatunga pa mjigo. Anakayikira wogulitsa chakudya cha nsomba m'tauni, n'kutaya chitini chonse. Tsiku lina anandiitana pampanda.

"Amake Takondwa, ndowa yanga yabuluu ija, simunachapiremo?"

"Ayi abambo, ndili ndi yanga."

Anayang'ana ndowa yangayo nthawi yaitali asanachoke.

Nsomba imodzi yofiira itafa, maganizo awo anatembenukira m'nyumba. Ndinamva akukangana ndi akazi awo kuseri, ine ndikuyanika zovala.

"Ndere zimenezi zinayamba liti? Tawerenga wekha. Zinabwera ndi chikwama cha alamu."

"Ndiye alamu anu abweretsa ndere m'chikwama?"

"Ine ndikuchita zonse monga kale. Palibe chimene ndasintha. Pali dzanja la munthu m'madzi muja. Nanga Gideon anadwala masiku angati? Lero nsomba, mawa ndani?"

"Mukamayankhula choncho muziyamba mwavula kolona m'khosimo."

Koma a Shawa anali atagamula kale. Anapangana ndi dalaivala wina wokatenga thonje ku Madzimoyo kuti Loweruka adzawanyamule mai Hellen. Kumudziko kunalibe munda, kunalibe nyumba, ndipo akanafika ndi mbiri yoti anathamangitsidwa chifukwa cha mankhwala. Mbiri yotero simachoka pa munthu. Mai Getrude analira, koma amuna awo anangolonjeza chinthu chimodzi, kuti ayamba awagwira mai Hellen ndi maso.

Lachinayi m'mawa anavala jekete, n'kulengeza mokweza kuti akupita ku Mwami kukaona anzawo akale. Anatuluka pageti, anazungulira, n'kutulukira pabwalo panga. Anaika chala pamlomo, anapatula udzu wa mpanda, n'kukalowa kuchipinda kwawo kudzera khomo lakumbuyo. Ine ndinali nditalonjeza kukathandiza mai Getrude kusenda mtedza, choncho ndinapita kukakhala nawo pakhonde. Chitseko chinali chotsekula ndipo pabalaza ponse pankaoneka.

Mai Hellen analowa ndi tsache. Anakoka makatani onse, dzuwa n'kugwera pa thanki. Anasesa, anapukuta mipando, kenako anaima pafupi ndi nsomba. Anamasula mfundo ya pakona ya chitenje chawo. Munali ufa wofiirira. Anatapa ndi dzanja n'kuwaza pamadzi, akunong'oneza mawu amene sitinawamve.  Mai Getrude anasiya kusenda.

Chitseko cha kuchipinda chinatsekuka.

"Musagwedezeke, alamu. Dzanjalo likhale pomwepo."

Mai Hellen anagwada, ufa uja uli m'manja.

"Anakupatsani ndani zimenezo? Sing'anga wa kuti?"

"Si mankhwala, alamu."

"Ndiye nyambitani tione."

Ananyambita. Kenako anatambasula dzanja kuti nawonso alawe, koma a Shawa anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda kabati. Mai Getrude analowa, anaviika chala, n'kulawa.

"Nsinjiro izi. Zanga zomwe, za m'botolo lija ndimati zikutha ndi mbewa."

"Nsinjiro zikufuna chiyani m'madzi anga?"

Mai Hellen anayankha akuyang'ana pansi. "Ndimaona zimene mumazipatsa, alamu. Nkhuku ya kumudzi itapatsidwa choncho ingafe. Ndikayandikira zimabwera zonse pagalasi, kukamwa yasa. Kwathu chiweto chikakupempha sumadutsa. Ndiye mukachoka ndimaziwazira pang'ono, tsiku lina gaga, tsiku lina nsinjiro."

"Nanga makatani?"

"Ndimati ziwothe dzuwa. M'nyumba mumakhala mdima ngati muli maliro."

"Nanga zija mumanong'ona?"

"Ndimaziuza kuti zidye msanga eni ake asanabwere."

Mai Getrude anaseka mpaka kukhala pansi, koma kusekako kunathera m'misozi. A Shawa sanaseke. Anatapako ufa uja, anaununkhiza, anapita nawo padzuwa, anaununkhizanso. Kenako anayamba kufotokoza, mawu ali okwera, kuti nsomba zimenezi zimapempha ngakhale zitakhuta, kuti chakudya chotsala chimaolera pansi n'kusanduka manyowa, ndi kuti manyowa akakumana ndi dzuwa ndere zimamera ngati udzu wa m'dimba.

"Mwakhala mukulima ndere, alamu. Feteleza mwathira, dzuwa mwapereka. Kwatsala kukolola."

"Ndimati ndikuthandiza."

"Bwanji osafunsa?"

"Muno ndimafunsa ndani?"

 A Shawa anavula jekete, n'kutuma akazi awo kuti abweretse payipi ndi ndowa. Tsiku lonselo anachotsa zinyalala za pansi, zimene zinatuluka ngati phala, ndipo mai Hellen ndi amene ankakataya madziwo ku maluwa. Atamaliza anafunditsa thanki bulangete lochindikala, n'kulamula kuti pasapezeke woivundukula kapena kuwazamo kanthu, kuti ndere zife ndi mdima.

Za ulendo wa Loweruka palibe anazitchula. Mai Hellen anachapa zovala zawo Lachisanu, n'kuzipinda m'chikwama. Loweruka m'mawa thiraki inaima pamsewu n'kuliza hutala. Mai Hellen anatuluka ndi chikwamacho n'kuima pakhonde. A Shawa anawadutsa osawayang'ana, anakayankhula ndi dalaivala pawindo, ndipo thiraki inanyamuka yokha. Pobwerera anaima pamasitepe.

"Pampando wakutsogolo pali katundu. Komanso ndani azinditayira madzi? Msana wangawu watha."

Kupepesa kwawo kunali komweko. Bulangete litachotsedwa madzi anali atayera, ngakhale miyala inatenga nthawi. Mai Hellen akadali pano, ndipo Loweruka lililonse amagwira ndowa a Shawa akuyamwa payipi. Koma sabata yomweyo a Shawa anaitana kalipentala, amene anapanga chivundikiro chathabwa chokhala ndi loko. Kiyi amayenda nayo m'thumba la malaya, ngakhale popita ku Misa.