Ndinagwada Patali

Mundikhululukire, owerenga, polimba mtima kulemba, ine wa sukulu ya kumudzi. Koma nkhaniyi yandikhala pakhosi nthawi yaitali.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene gulu lathu la zisudzo linapita kukapikisana pa Boma. Tinakwera njinga za kabaza, zovala zathu zili m'thumba la feteleza. Ine ndinasewera mayi wamasiye amene achibale a mwamuna wake anamulanda munda wa mpunga. Ndinalira mpaka amayi ogulitsa mandasi panja anasiya malonda n'kudzasuzumira pawindo la holo.

Pakati pa oweruza panali bambo wina wochokera ku Blantyre, wokonza masewero a pa wailesi, amene ankafuna mtsikana mmodzi woti akamuphunzitse ntchitoyo. Tikutsika pansanja anandiloza. "Iwe wamasiye, undipeze nthawi ya nkhomaliro."

Ndinavula mpango ndi chitenje cha m'sewero, n'kukamupeza bamboyo akudya pansi pa mtengo wa mango. Kwathu mwana sayandikira akulu ali pa chakudya, ndipo sayamba kulankhula asanafunsidwe. Choncho ndinagwada patali, padzuwa, timiyala tikundilasa m'mawondo, kudikira kuti andiitane.

Ndili chigwadire, a Likaka, aphunzitsi otsogolera gulu lathu, anandidutsa atagwira dzanja Memory, mwana wa mlongo wawo. M'seweromo Memory ankangonyamula ndowa.

"Bwana, uyu ndi wanga. Bambo ake ndi a Joni, munkaimba nawo kwaya ku sekondale."

"Mwana wa Joni? Khala apa, mwanawe. Nanga wamasiye uja ali kuti?"

"Amene uja ndi wamanyazi, bwana. M'tauni sangathe."

A Likaka ananena zimenezi akundiona. Mlendoyo sanandizindikire mu yunifolomu, ndipo ine sindinadzuke, poopa kuoneka wamwano. Madzulo amayi anandiyamikira kuti ndinasunga mwambo, ine misozi ili chuchuchu.

Mpaka lero mtima umandiwawa. Mphunzitsi amene anandiphunzitsa kulira pansanja analephera bwanji kutchula dzina langa kamodzi kokha? Pano ndinazindikira kuti m'zisudzo luso pa lokha silikufikitsa patali ngati palibe wokudziwa. Masiku ano ndikamva kuti kwabwera mlendo wa zamasewero, ndimapita kukamupatsa moni, ndimatchula dzina langa lonse, n'kupempha nambala yake.

Nkhaniyo inatha Lolemba loyamba la holide ya Disembala, pamene Memory anakwera minibasi ya ku Blantyre. Chikwama chake ndinanyamula ndine mpaka pasiteji, poti a Likaka anandituma, ndipo sindinathe kukana.