Mapini Pamilomo ya Achemwali

Achemwali anga akhala telala zaka makumi awiri ndi zisanu. Shopu yawo ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa malo ometera tsitsi: makina awiri, tebulo lodulirapo, ndi galasi long'aluka pakona. Makina achiwiriwo ndimasokera ine kuyambira pamene banja langa linatha. Achemwali anali munthu waukhondo wotopetsa nawo. Ukangogwira nsalu yoyera usanasambe m'manja, ankakulalatira mpaka makutu kuwawa.

Chaka chatha anawachita opaleshoni ya msana. Dokotala anawalembera mapiritsi opha ululu, amphamvu aja a mtundu wa mofini, nati amwe milungu iwiri basi. Milungu iwiri ija inasanduka miyezi inayi. Kumene ankawapeza enawo sindikudziwa. Ndikafunsa ankangoti, "Msanawu ndi wako?" Ndinalankhula mpaka malovu kuuma m'kamwa, koma paja wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Choyamba kunali kudzimbidwa. Masiku asanu osachita chimbudzi, mimba ili gwa ngati ng'oma. Chimbudzi chathu n'chimodzi ndi ometa aja, ndiye achemwali ankatsekeramo ola lathunthu akubuula, ometawo akugogoda uku akufa nacho chiseko. Achemwali akageya, m'shopu monse fungo la mazira owola. Kenako kunabwera kuyabwa. Ankadzikanda mikono ndi khosi mpaka magazi, zikhadabo zomwezo n'kugwira nazo nsalu za eni ake. Pansi pa tebulo panabwera kandowa kosanziramo, wokataya n'kukhala ine. Sindibisa, ndinkanyansidwa. Ndinkanyansidwa ndi mkulu wanga wa bere limodzi, ndipo ndinkadzida nazo.

Makasitomala anathawa mmodzimmodzi. Anatsala mayi wina amene achemwali anamusokera diresi laukwati kalekale, ndipo tsopano ankakwatitsa mwana wake. Ine ndi achemwali tinkadziwa kuti diresi la mwanayo likalakwika, shopu yatha.

Tsiku loyesa diresi, mkwatibwi anaima pa kabokosi, achemwali atagwada akupinda m'munsi. Atelalafe timaluma mapini pamilomo kuti manja agwire nsalu, ndipo achemwali amaluma asanu nthawi zonse. Ndinangoona mutu wawo ukuwerama pang'onopang'ono. Maso anatsekeka, dovu likuyenderera pakati pa mapiniwo n'kumadonthera pa nsalu yoyera ija.

"Amayi, atelalawa akugonatu!" anatero mkwatibwi.

Achemwali anadzidzimuka, anakoka mpweya, n'kuyamba kutsokomola. Kenako anasanza pomwepo, pa diresi, zachikasu zonunkha kuwawasa. Mtsikanayo anakuwa.  Mayi ake anangomuvula diresilo, kulisiya pansi, n'kutuluka naye.

Ine maso anali pa mapini. Awiri anali atabayidwa kale pa nsalu. Awiri ndinawaona m'masanzi. Ndinapisa zala m'zonyansazo, kufufuza paliponse. Limodzi silinapezeke.

Kuchipatala anawajambula, pinilo linaoneka lili m'mimba. Dokotala anati kawirikawiri chinthu chotere chimatuluka chokha, koma matumbo a achemwali anali atafooka ndi mapiritsi aja, moti likakhalitsa likhoza kuboola. Anawagoneka, nati mankhwalawo aziwachepetsera pang'onopang'ono mpaka asiyiretu.

Ndinakhala pambali pa bedi, manja akununkhabe ngakhale ndinasamba katatu. Ndinkadikira kuti afunse za diresi la mwana wa eni, ukwati uli Loweruka lomwelo. Kapena afunse za shopu imene anaivutikira moyo wawo wonse. Kapena angoti pepa, mng'ono wanga.

Anandikodola ndi chala. Ndinawerama.

"Iwe," ananong'ona, "m'dirowa ya mabatani, pansi pa mazipi, muli kabotolo ka mapiritsi. Mawa ubwere nako. Koma anesiwa asaone."