Mayeso Otumbula Mlamba

Chaka changa chachiwiri ku koleji ndinalephera mayeso otumbula nsomba. Ine, mwana wa mayi wowamba milamba pa doko la Kachulu, amene ndinagwira mpeni ndisanagwire pensulo. Mpaka lero ndikaganiza mutu umaima.

Tinalowa mu labu ya bayoloje, aliyense anapatsidwa thireyi, timipeni, mapini ndi mlamba umodzi. Pepala la mafunso linati titumbule nsombayo. Ndinangowerenga mzere woyambawo n'kuti lero ndi lero, ana a m'tauniwa andiona. Anzanga akali kugwira nsomba ndi zala ziwiri ngati thewera, ine ndinali nditang'amba kale, kukokolola zam'mimba zonse, kutaya m'bini, kutsuka pa mpopi. Ndinaugoneka mlamba wanga mu thireyi uli mbee, n'kupinda manja.

Lekichala wathu anali bambo wamtali wosadziwa kuseka. Atafika pa ine anayang'ana mu thireyi, kenako anayang'ana ine.

"Ziwalo zili kuti?"

"Ndataya, sala."

"Mwataya." Anavula magalasi. "Ndiye mujambula chiyani? Mayeso ake ndi amene mwatayawo."

Pamenepo mpamene ndinawerenga pepala lonse. Ankafuna titsegule pamimba pang'onopang'ono, chiwalo chilichonse chikhale pamalo pake, tichijambule ndi kulemba dzina lake. Ndinapisa dzanja m'bini muja koma zimene ndinatulutsa zinali phala lokhalokha. Zotsatira zitatuluka anandipatsa mwayi umodzi wobwereza tchuthi chikatha, umene ife timati sapu. Ukalephera sapu umalongedza chikwama, wa kwanu, basi.

Nditafika kumudzi sindinabise. Ndinawapeza amayi kuseri kwa nyumba akutembenuza milamba pa waya, utsi uli tolo, ndipo ndinawauza.

"Walephera chiyani?"

"Kutumbula mlamba."

Anasiya kutembenuza nsomba zija. "Kodi kumeneko milamba yake ndi ina?"

"Ndi yomweyi. Koma iwo amafuna matumbo, osati nsomba."

"Amadya?"

"Amajambula."

Amayi anapukuta misozi ya utsi ndi nsonga ya chitenje. Ine ndinapsa mtima, osati ndi iwo, koma chifukwa pofotokozapo ndinamva ndekha kuti zikumveka ngati za misala. Ndinapita kusukulu kuti ndidzasiye kununkha nsomba, ndiye taonani, sukuluyo ikundibweza ku matumbo amene kwathu timaponyera agalu.

M'mawa mwake amayi anabwera kuchokera ku doko ndi beseni la milamba, anasankhamo waukulu n'kundiponyera. "Jambula," anatero.

Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi lezala, minga ya mthethe m'malo mwa mapini, ndi buku langa la zithunzi. M'bukumo zonse zinali zooneka bwino, chiwindi apa, ndulu apa, kapamba apo, chilichonse ndi mtundu wake ndi kamzere kolozera dzina la Chingerezi lotalika ngati msewu wa ku Zomba. M'mimba mwa mlamba munalibe mizere. Zonse zinali zoterera, zofiirira, zomatana. Ndulu yokha ndinkaidziwa, poti ukaiphulitsa nsomba imawawa ndipo khofi la amayi limakupeza. Impso ndinazifuna mpaka khosi kuuma, kumapeza kuti ndi timagazi takuda tija tomata ku msana, timene moyo wanga wonse ndinkapala ndi chikhadabo. Pamene dzuwa linkafika pamutu, ntchentche zinali zitadzaza, zonse zafewa, fungo lake losakambika. Nsomba ya malonda yaonongeka, ine ndajambula theka.

Zinapitirira choncho. Mlamba uliwonse umene ndinkaseweretsa unali wochotsedwa pa malonda, ndipo panyumba tinadya nsomba zong'ambikang'ambika mpaka kutopa nazo. Amayi sankadandaula ndi pakamwa, koma mmene ankaikira beseni pansi ndinkamva. Anthu odutsa popita ku dimba la mpunga ankaima kundiyang'ana. Mayi wina woyandikana nafe, mnzawo wa amayi m'gulu la amayi a kumpingo, anafunsa akuseka kuti, "Kodi adokotala, wodwala wanuyo achira?" Ndinangopitiriza kujambula, poopa kuti ndikatsegula pakamwa ndinyoza munthu wamkulu.

Tsiku lina ndinawauza amayi kuti ku labu ziwalo amazisunga m'mabotolo a mankhwala, siziwola, munthu umaziona kambirimbiri. Kuno mankhwalawo kulibe, koma kachasu wamphamvu akhoza kugwira ntchito yomweyo. Ndinati ndipita kwa mayi wotcheza kachasu wa kuseri kwa msika.

"Upita iwe?"

"Nanga ndani?"

"Mtsikana wa ku koleji, wosakwatiwa, botolo m'manja. Anthu akunena kale kuti m'tauni mumavala mabuluku n'kumamwa. Khala pansi."

Ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma chakumasana ndinawaona akuchokera ku msika, akuyenda mowongoka ngati akupita kukalandira mgonero, botolo lobiriwira atalikulunga m'chitenje koma khosi lake likuonekera. Amayi anga, amene ngakhale thobwa logona sankalawa. Analiika patsogolo panga osandiyang'ana.

"Zinthu zakozo ukaika, ubise kuchipinda. Asaone munthu."

Kachasu anagwira ntchito. Ndinatsanulira m'mabotolo opanda kanthu, ndinaika mtima, chiwindi, chifu, mazira, ndi kachiwalo kofiira ka m'mutu kooneka ngati kamtengo, kamene mlamba umapumira ukakhala m'matope. Zinatuwa koma sizinawole. Ndinkazitulutsa, kuziyala pa mbale, kujambula, kubwezera. Mainawo ankandisokonezabe, ena mpaka lero lilime limakana, ndipo nthawi zina ndinkayang'ana mbaleyo osadziwa ngati ndikuphunzira kapena ndikupenga. Koma dzanja linazolowera kuchedwa.

Ndinabwerera ku koleji ku Zomba, ndinalemba sapu. Lekichala uja anaima pa thireyi yanga, anayang'ana mapini, anagwedeza mutu kamodzi n'kupitirira. Sindinadziwe ngati kugwedezako kunali kwa inde kapena kwa chisoni mpaka dzina langa litatuluka pakati pa okhoza.

Ndinabwera kumudzi Loweruka kudzawauza pamaso. Anavina pang'ono pabwalo, analulutira, kenako anati, "Ndiye nsomba zanga zipumako." Lamulungu tinapita kutchalitchi. Ndinadabwa kuona avala chitenje wamba, bulauzi yoyera ndi duku la gulu lawo atazisiya m'sutikesi. Titalowa sanapite kutsogolo kumene anzawo amakhala ndi kuimba. Anakhala pa benchi la kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, pamene pamakhala anthu oimitsidwa mumpingo. Ndinakhala nawo pomwepo, ulaliki wonse sindinamve kanthu.

Pobwerera, titasiyana ndi anthu, ndinafunsa.

"Anandiona ndi botolo lija," anatero. "Akuluampingo anandiitana."

"Ndiye simunawafotokozere?"

"Ndinati ndinamwa."

Ndinaima panjira. Ndinakalipa, ndinati ili ndi bodza, ndipita kwa abusa pompano ndi mabotolo anga ndi buku langa, akaone okha kuti ndi za sukulu. Amayi anandigwira mkono mwamphamvu.

"Ukawaonetse chiyani? Mitima ya nsomba m'botolo, kuchipinda kwa munthu wogulitsa nsomba? Mawa doko lonse liti ndinakhwimira malonda. Ndani adzagulenso mlamba wanga? Ndipo iwe adzati sukulu yako ndi ya mankhwala. Woledzera amakhululukidwa, mwanawe."

"Koma sizoona."

"Nanga choona n'chiti? Ndikanati ndiyankhe bwanji akanandifunsa kuti matumbowo ndi a ntchito yanji? Ineyo sindikudziwa." Anandisiya mkono n'kuyamba kuyenda. "Iweyo ukudziwa?"

Ndinatsegula pakamwa. M'mutu munabwera maina a Chingerezi okhaokha, onse amene ndinakhoza nawo mayeso, ndipo panalibe limodzi loti ndiwapatse. Ndinawatsatira pambuyo mpaka kunyumba, iwo anavula nsapato za kutchalitchi n'kupita kukasonkha moto pansi pa waya.