Majumbo a Amayi

Ndili Sitandade 6 ku Bangwe, aphunzitsi athu a sayansi anabwerako ku msonkhano wa zachilengedwe mutu utatentha. Anati majumbo akuwononga dziko, ndipo amene atole ambiri pofika Lolemba akhala mtsogoleri wa kalabu yoteteza chilengedwe.

Ine kukatola zinyalala m'ngalande? Zosatheka. Amayi anga ankachapa jumbo iliyonse yochokera kumsika, kuyanika, n'kuipinda bwinobwino pansi pa matiresi. Ndinakokolola onsewo, thumba n'kudzaza, ndipo ndinapambana. Anzanga atandiwombera m'manja, aphunzitsi anaunjika majumbowo kuseri kwa kalasi n'kuwayatsa. Utsi wake unali bii! Tinaimba nyimbo ya mpweya wabwino uku tikutsokomola.

Madzulo amayi anafuna jumbo yowaikiramo azakhali usipa. Atatukula matiresi sanapeze kanthu. Ndinawafotokozera monyadira kuti tapulumutsa dziko.

"Dziko lake liti?" anakalipa. "Majumbo enawo anafika m'nyumba muno iwe usanabadwe!"

Utsogoleri ndinaupeza, koma mpaka lero zimandipsetsa mtima. M'dera lathu lonse, amene sankataya jumbo anali amayi anga okha, ndipo ndi omwewo amene tinawawotchera.