Nyanga Zimene Amayi Anazikana Pakhomo

Ndikukumbukira fungo la pamasitepe a fulati yathu ku Govan, dera la mumzinda wa kudziko la azungu kumene tinasamukira, chinyezi chosakanikirana ndi tchipisi cha anthu a pansi, tsiku limene ndinakwera nditasenza nyanga za nswala paphewa. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Sabata imeneyo anali atandiimitsa sukulu chifukwa chomenya mnyamata amene ankaseka kayankhulidwe kanga. Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo sukuluyo sindinapite nayo patali.

Amayi ankagwira ntchito kuchipatala, ndiye ankaopa kundisiya ndekha. Mnzawo wa kuntchito anauza mwamuna wake, a Dougie, kuti anditenge kumapiri kumpoto kwa mzinda, kumene ankawalemba ganyu yochepetsa nswala zikachuluka. Anali bambo wamfupi, wosayankhulayankhula. Titatsika galimoto anandiuza chimodzi chokha: "Ukadzuka kapena kutsegula pakamwa, ubwerere kugalimoto."

Tinakwawa chamimba, mphepo ikutiwomba kumaso kuti nyama zisamve fungo lathu. Madzi ozizira analowa m'thalauza mpaka m'mawondo munachita dzanzi. Tiudzudzu ta kumeneko, tating'ono ngati fumbi, tinandidya m'makutu, koma kudzikanda kunali koletsedwa. Kenaka tinaziona nswalazo. Pakati pa gululo panali chinswala chachimuna, khosi ngati la ng'ombe, nyanga zotambalala ngati mtengo wa kachere. Ndinayamba kale kuona nkhope za anyamata a kusukulu ndikuwaonetsa chithunzi.

A Dougie anayang'ana chinswalacho nthawi yaitali, kenaka anapotoza mfuti n'kuloza ina yomwe inaima payokha kumbali, yowonda, nyanga zake zazifupi, imodzi yothyoka kunsonga. Ukali unandiyaka ngati moto. Kukwawa konseko chifukwa cha nkhalamba imeneyi? Ndinafuna kudzuka, kutukwana, kubalalitsa gulu lonselo. M'malo mwake ndinaluma mkono wa jekete mpaka mano anawawa. Ndinagona pomwepo, chete, mpaka mfuti inalira kamodzi ndipo nswalayo inagwa osaphupha.

A Dougie anandionetsa m'kamwa mwa nswalayo. Mano anali atatha mpaka ku nkhama, chisanu chikubweracho ikanafa ndi njala. Yaikulu ija, anati, ikufunika kubereka kaye. Nyamayo tinaikoka ndi chingwe kutsika phiri, manja anga anatuluka matuza, koma sindinasiye chingwe. Atamaliza kusenda, anadula nyangazo n'kundipatsa.

Amayi atatsegula chitseko anabwerera m'mbuyo.

"Iwe Chikondi, n'chiyani chimenechi?"

"Nyanga, amayi. Ndikufuna ndizikhome pabalaza."

"Nyanga? M'nyumba mwanga muno? Amayi a mvano abwera kudzapemphera Lachinayi, adzati ndayamba zotani ine? Nyama yake ili kuti? Anthu akapita kosaka amabwera ndi ndiwo, iwe wabwera ndi zida za asing'anga!"

Kwathu ku Dedza munthu wosunga nyanga m'nyumba amadziwika kuti ndi wokhwima, ndipo amayi sanasiye mantha amenewo pabwalo la ndege. Anati ndikazitaye kubini kuseri. Masiku onse apa m'pamene ndikanamenyetsa chitseko n'kukuwa mpaka aneba kugogoda khoma. Ndinamva moto uja ukukwera. Koma ndinangokhala pansi pa sitepe, nyanga pamiyendo, n'kunena kuti ndilowa nazo, apo ayi ndikhala nazo pano.

Ndinakhaladi. Aneba ankadutsa n'kumandilambalala, gogo wina wachizungu wa pamwamba anandifunsa ngati Khirisimasi yafika msanga, poti kuno nyanga zotere amakongoletsera pa Khirisimasi. Amayi ankasuzumira, kutseka, kusuzumiranso. Chimene chinawasokoneza sichinali nyangazo ayi, koma kuti sindinakuwe. Pomaliza anatuluka ndi thumba lakuda la zinyalala.

"Kulunga. Pansi pa bedi pako. Abusa akadzaziona, ine sindikukudziwa."

Zinakhala pansi pa bedi zaka zonse ndili pakhomo pawo.

Pano ndili ndi kachipinda kanga ku Dennistoun, dera lina la mzinda womwewu, ndimagwira ntchito yamanja pa zomangamanga, ndipo nyangazo zili pakhoma. Masiku ano anthu amangoonetsana zithunzi pafoni, kuwerengerana nthambi za nyanga, wa zambiri ndiye dolo. Anzanga akabwera amaseka zanga, ati zikuoneka ngati mafoloko opindika. Asekeni. Sanaone mano a nswala ija, sanakoke chingwe chija, ndipo sadziwa kuti tsiku limenelo ndinaugwira mtima wanga kawiri, kuphiri ndi pasitepe. Ukali sunathe, bwana wanga akhoza kuchitira umboni, koma ndimadziwa kuti ndikafuna ndimatha kuugwira.

Amayi akabwera kudzandiona amakhalabe chofulatira khomalo. Koma mwezi watha ndinawapeza ataima pampando, akupukuta fumbi pa nyanga yothyoka ija, uku akung'ung'udza kuti mwana uyu ndi wauve.